Khomo la Dziko Linali ku Chinde: Mbiri ya Madzi Otsika kwa Nthache

Anthu ambiri a kwa Nthache m'boma la Mwanza sanaionepo nyanja yamchere, ndipo dzina loti Chinde silimveka pamsika kapena pachigayo. Komatu madzi otsika m'mapiri a kuno amathera kumeneko. Timitsinje ta m'boma lino timathira mu Mwanza kapena mu Mkulumadzi, iwiriyi imathira mu Shire, Shire amathira mu Zambezi, ndipo Zambezi akayandikira nyanja ya India amagawikana nthambi zingapo. Imodzi mwa nthambizo ndiyo Chinde. Kwa zaka pafupifupi 30 kuyambira 1891, alendo, makalata, nsalu, mchere ndi mfuti zolowa m'dziko lino zinkadzera pamathiriro amenewo, ndipo khofi, thonje ndi fodya zotuluka zinkadzeranso pomwepo. Khomo limenelo linatsegulidwa ndi madzi, linatsekedwa ndi mchenga, ndipo litatsekeka, khomo latsopano linadzapezeka kuno ku Mwanza.

Malire otsata madzi

Malire a Malawi ndi Mozambique kumbali ino sanajambulidwe mwachisawawa. Pa 11 June 1891, Britain ndi Portugal anasainirana pangano logawana dziko, ndipo chakumadzulo kwa Shire anagwirizana kuti malire atsate msana wa mapiri umene umalekanitsa madzi. Mvula yogwa chakum'mawa kwa msanawo imatsikira ku Shire, ndipo dziko limenelo linapita kwa Angelezi. Yogwa chakumadzulo, cha ku Zobue, imatsikira ku mitsinje yothira mu Revubue, umene umakumana ndi Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete, ndipo dzikolo linapita kwa Apwitikizi. Mabanja a mtundu umodzi ndi chilankhulo chimodzi anapezeka m'maiko awiri chifukwa cha kumene mvula imalowera. Koma madziwo amakakumananso kumunsi kwa Mutarara, pamene Shire amathira mu Zambezi, ndipo amalowa m'nyanja ali amodzi.

Mtsinje wa Mwanza umatsika m'mapiri n'kulowa m'chigwa cha Chikwawa, kudutsa pafupi ndi nkhalango ya Lengwe, mpaka kukathira mu Shire. Amene anauona kumtunda kokha sangauzindikire kumunsi m'mwezi wa October. Kumeneko umakhala msewu wotakata wa mchenga woyera, ngolo za ng'ombe n'kumaoloka popanda kunyowetsa matayala. Amayi amafukula mchengawo ndi manja kapena mbale, n'kudikira kuti madzi asonkhane pang'onopang'ono m'kadzenje, kenaka n'kumatunga ndi chikho mosamala kuti asavundule. Mvula ikagwa kumapiri, mtsinje womwewo umadzuka usiku umodzi, wofiira ndi dothi, n'kukokolola minda ndi nyumba. Mchenga umenewo ndi dothi limenelo ndizo zikuluzikulu m'mbiri yonse ya njira ya madzi imeneyi.

Shire ndi wa makilomita pafupifupi 400, ndipo ali ndi zigawo zitatu. Kuchokera ku Mangochi, kudzera m'nyanja ya Malombe ndi ku Liwonde mpaka ku Matope, amayenda mwakachetechete. Kuchokera pamenepo amagwa mamita oposa 300 m'mathithi a Kholombidzo, Nkula, Tedzani, Mpatamanga ndi Kapichira, ndipo m'chigawo chimenechi ndi momwe amalandirira Lisungwi ndi Mkulumadzi. Kumunsi kwa Kapichira amafatsanso, n'kumwazika m'dambo lalikulu la Elephant Marsh, kulandira Ruo wochokera ku Mulanje pa Chiromo, kudutsa Nsanje ndi dambo la Ndindi, n'kulowa m'Mozambique m'mphepete mwa phiri la Morrumbala. Zambezi amene amamulandira amakhala atayenda kale ulendo wautali kuchokera kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, pakuti utali wake wonse umaposa makilomita 2,500. Kuyambira cha ku Mopeia, mtsinjewo umatambasuka m'chigwa chathyathyathya cha masikweya kilomita pafupifupi 18,000, chodzaza ndi bango, tizilumba ndi mitengo yomera m'madzi amchere. Nthambi zake, monga Kongone, Luabo ndi Chinde, zimasinthasintha. Kumene kunali kozama chaka chino kumakhala mulu wa mchenga chaka chamawa.

Mabwato asanaone utsi

Njira imeneyi inali ndi eni ake kalekale sitima zisanafike. Amang'anja a pansi pa ufumu wa Lundu ankalima thonje m'chigwa cha Shire n'kumaomba nsalu zolimba zotchedwa machila, zimene zinkagulidwa kwambiri m'midzi ya m'mphepete mwa Zambezi. Ankatcheza mchere kuchokera ku dothi la m'chigwa, ankasula makasu, ndipo madimba awo ankabereka ngakhale m'chilimwe chifukwa cha chinyontho chimene madzi osefukira ankasiya. Anthu a kumapiri ankatsika ndi zakwawo kukasinthanitsa ndi mchere ndi nsomba zouma. Kachisi wa Mbona ku Khulubvi, ku Nsanje, ankalandira nsembe zopempha mvula kuchokera kumadera akutali, kusonyeza kuti anthu a kumtunda ndi a kumunsi ankadziwa kuti moyo wawo ndi umodzi.

Amalonda a Chiswahili anali atafika kale kugombe pamene Vasco da Gama anaima pamtsinje wa Quelimane mu 1498. M'zaka za m'ma 1530 Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete, akufuna golide ndi minyanga ya njovu. Doko lawo linali Quelimane, koma mtsinje wa Quelimane sunkalumikizana ndi Zambezi chaka chonse. Katundu ankakwera ndi mabwato mumtsinje wa Kwakwa, n'kusenzedwa pamutu kudutsa pamtunda mpaka cha ku Mazaro, n'kukwezedwanso m'mabwato ena. Aliyense wodzera njira imeneyi ankalipira msonkho kwa Apwitikizi.

M'zaka za m'ma 1800 katundu wotsika ndi madziwo anasanduka anthu. Paul Mariano, amene anthu ankamutcha Matekenya, anamanga linga pafupi ndi Morrumbala n'kumatumiza asilikali ake kukagwira Amang'anja. Nkhondo za ukapolo zitaphatikizana ndi chilala cha 1862 ndi 1863, chigwa chimene chinali chodzaza ndi midzi chinasanduka bwinja. Mtsinje umene unkabweretsa mikanda ndi nsalu ndi womwewo umene unatenga ana a anthu osabwereranso.

Livingstone ndi mathithi

David Livingstone anafika pamathiriro a Zambezi mu May 1858 ndi sitima yanthunzi yotchedwa Ma Robert, ndipo analowera nthambi ya Kongone. Maganizo ake anali oti Zambezi akhale msewu wa malonda ndi Uthenga Wabwino wolowera pakati pa Africa. Mathithi a Kebrabasa, kumtunda kwa Tete, anathetsa maganizo amenewo chaka chomwecho. Pofuna njira ina, mu January 1859 anakhotera mu Shire, nakwera mpaka pamene mathithi ena anamuimitsa, amene anawatcha Murchison. Anapalana ubwenzi ndi mfumu Chibisa, ndipo poyenda pansi anafika ku nyanja ya Chilwa mu April ndi ku nyanja ya Malawi mu September 1859. Chikhala kuti Zambezi analibe mathithi a Kebrabasa, mwina Angelezi sakanayang'ana n'komwe ku Shire, ndipo dziko lotchedwa Malawi silikanakhala ndi maonekedwe amene lili nawo pamapu.

Madzi omwewo anadya ambiri mwa amene anamutsatira. Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya UMCA anamwalira ndi malungo mu January 1862 pamene Ruo amakumana ndi Shire. Mary, mkazi wa Livingstone, anamwalira ku Shupanga m'mbali mwa Zambezi mu April chaka chomwecho. Livingstone atachoka, ena mwa Amakololo amene anabwera naye anatsala, ndipo chifukwa anali ndi mfuti anasanduka mafumu a m'chigwa: Kasisi, Chipatula, Katunga, Maseya, Mlilima ndi anzawo. Ambiri mwa maina amenewa akadalipo m'boma la Chikwawa mpaka lero.

Mu 1875 amishoni a Livingstonia anabwera ndi sitima ya Ilala. Atafika pamathithi anaimasula zidutswazidutswa, ndipo amuna mazanamazana a m'chigwa anasenza zitsulozo pamutu ndi pamapewa, kukwera m'miyala yotentha kwa masiku ambiri, mpaka kumtunda kumene anaimanganso. Mu October chaka chimenecho Ilala inalowa m'nyanja ya Malawi. Kampani ya African Lakes, ya abale awiri John ndi Frederick Moir, imene anthu anaitcha Mandala, inayamba mu 1878 ndipo inakhazikitsa njira yokhazikika: sitima mpaka kwa Katunga, amtengatenga kukwera phiri mpaka ku Blantyre ndi kutsikira ku Matope, kenaka sitima ina mpaka kunyanja. Mabuku amatchula maina a sitima ndi a oyendetsa ake, koma njirayo inayenda pamakosi a anthu a kuno, aliyense ndi mtolo woposa makilogalamu 20.

Mudzi wa Angelezi m'dziko la Apwitikizi

Vuto lalikulu la amalonda ndi amishoni linali msonkho ndi kuchedwa kwa ku Quelimane. Mu 1889 Daniel Rankin analengeza kuti nthambi ya Chinde inali yozama mokwanira kuti sitima yochokera kunyanja ilowe mu Zambezi popanda kutsitsa katundu pamtunda. Asodzi a kumeneko ankaidziwa kale nthambiyo, koma kwa maboma a ku Ulaya nkhaniyi inasintha zonse. Chaka chomwecho Harry Johnston, kazembe wa Britain, analowera pomwepo pa sitima yankhondo ya Stork. Nthawi imeneyo Serpa Pinto ankakwera Shire ndi asilikali a Portugal ndipo anamenyana ndi Amakololo. John Buchanan, woimira Britain m'derali, analengeza kuti dera la Amakololo ndi mapiri a Shire zili m'manja mwa Britain, ndipo pa 11 January 1890 boma la ku London linalamula Portugal kuti ichotse asilikali ake. Sitima zankhondo ziwiri, Herald ndi Mosquito, zinaikidwa pamtsinje. Dzina lakale la Nsanje, Port Herald, linachokera ku imodzi mwa izo.

Pangano la 1891, lomwe lija linadula malire a ku Mwanza, linanenanso kuti Zambezi ndi Shire akhale otseguka kwa sitima za maiko onse. Britain anabwereka malo ku Chinde kwa zaka 99, kumene katundu wa dziko lino ankatsitsidwa ndi kukwezedwa popanda msonkho wa Apwitikizi. Pamalopo panali nyumba zosungiramo katundu, maofesi a makampani, positi ofesi ndi woimira boma la ku Zomba. Kanali kachidutswa ka dziko lino kokhala m'mbali mwa nyanja yamchere, pamchenga umene mafunde ankaudya chaka ndi chaka.

Sitima zikuluzikulu zinkaima kunja panyanja chifukwa cha mchenga wotchinga pakhomo, ndipo anthu ndi katundu ankasamutsidwira m'zing'onozing'ono. Za mumtsinje zinali zaphwatalala pansi, zokhala ndi gudumu lalikulu kumbuyo lopalasa madzi, ndipo zinkakoka mabwato a katundu omangidwa m'mbali. Zinkayendera nkhuni, choncho m'mphepete mwa mtsinje munali malo oimapo kumene anthu ankaunjika mitengo yodulidwa kale. Kutsogolo kunkaima munthu ndi nsungwi yaitali, akuyeza kuya kwa madzi ndi kufuulira woyendetsa. Sitima ikatitimira mumchenga, amuna ankatsikira m'madzi momwe muli ng'ona, ena kukumba, ena kukoka zingwe, mwina tsiku lathunthu. Usiku sinkayenda. Ulendo wochoka ku Chinde kukafika kwa Katunga unkatenga pafupifupi sabata madzi akakhala ambiri, koma m'chilimwe unkatha kutenga masabata angapo.

Mchenga upambana

Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 madzi a m'nyanja ya Malawi ankatsika, ndipo Shire ankaphwa nawo. Doko la kwa Katunga linasiyidwa, sitima n'kumathera ku Chiromo. Chiromo nayenso atakanika, zinkathera ku Port Herald. Njanji inayamba kuthamangitsa madzi othawawo. Ya Shire Highlands inalumikiza Port Herald ndi Blantyre mu 1908, ndipo pofika 1915 inali itatalikitsidwa mpaka ku Chindio m'mbali mwa Zambezi. Cha m'ma 1915 momwemo nyanja inasiyiratu kuthira mu Shire, pakuti mchenga ndi zomera zinatseka kumtunda, ndipo zinakhala choncho mpaka cha m'ma 1935. Zaka zonsezo, madzi amene ankayenda kumunsi anali a mitsinje yothiramo yokha, monga Lisungwi, Mkulumadzi, Mwanza ndi Ruo.

Chaka cha 1922 ndicho chinamaliza Chinde. Namondwe woopsa anaomba doko mu February, kugwetsa nyumba ndi kumiza sitima zambiri. Chaka chomwecho njanji ya Trans-Zambezia inalumikiza Beira ndi gombe lakumwera la Zambezi, moti katundu ankangooloka mtsinje pa sitima kuchoka ku Chindio. Angelezi anabweza malo awo a ku Chinde mu 1923, atagwiritsa ntchito zaka zosakwana gawo limodzi mwa magawo atatu a pangano. Mlatho wa Dona Ana, wa makilomita oposa 3.5 pakati pa Sena ndi Mutarara, utatsegulidwa mu 1935, sitima yapamtunda inkachoka ku Beira mpaka ku Blantyre osanyowa. Chinde anatsala doko la shuga wa kampani ya Sena Sugar Estates wochokera ku Luabo ndi Marromeu.

Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa. Nyanja itadzazanso chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, Shire anabwerera mwamphamvu n'kumiza madimba ndi minda ya thonje imene anthu anali atatsegula m'madambo ouma. Katswiri wa mbiri Elias Mandala analemba mwatsatanetsatane momwe kusinthaku kunasokonezera moyo wa alimi a m'chigwa, n'kukankhira amuna ambiri ku ntchito zakutali. Pofuna kuweta mtsinjewo, boma linamanga chotchinga madzi cha Kamuzu Barrage ku Liwonde mu 1965, ndipo mathithi amene analepheretsa sitima anasanduka gwero la magetsi: Nkula mu 1966, Tedzani mu 1973, Kapichira mu 2000.

Khomo lisamukira ku Mwanza

Njanji ya ku Nacala inatsegulidwa mu 1970, dziko n'kukhala ndi njira ziwiri zakunyanja. Koma nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique inatseka zonse ziwiri m'zaka za m'ma 1980, ndipo mlatho wa Dona Ana unaonongedwa. Apa ndi pamene msewu wa Blantyre, Mwanza, Zobue ndi Tete unasanduka mtsempha wa dziko. Malole a feteleza, mafuta, fodya ndi tiyi ankadutsa pachipata cha Mwanza kulowera ku Zimbabwe ndi ku Durban, nthawi zina moperekezedwa ndi asilikali. Pamalire omwewo panalowanso anthu miyandamiyanda othawa nkhondo, ambiri a iwo olankhula chilankhulo chomwechi, ndipo midzi ya kuno inawalandira. Zimene zinkachitika ku Chinde mu 1900, mizere ya katundu, mapepala a kasitomu, alendo odikira, ogulitsa zakudya, ndizo zimachitika pachipata cha Mwanza lero, kumene manachesi a kuno amagulidwa ndi madalaivala a maiko anayi kapena asanu. M'zaka za m'ma 2010 njanji yonyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita ku Nacala inadutsanso m'boma lomweli.

Komabe maloto a njira ya madzi sanafe. Mu October 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegulira doko la Nsanje pamaso pa apulezidenti anzake Robert Mugabe ndi Rupiah Banda, n'cholinga choti katundu aziyenda makilomita 238 pamadzi mpaka ku Chinde. Bwato la katundu limene linkayembekezeka tsikulo silinafike, pakuti akuluakulu a ku Mozambique analigwira panjira, ponena kuti panafunika kaye kafukufuku wa momwe ntchitoyo ingakhudzire chilengedwe. Ufulu woyenda pamtsinje umene unalembedwa mu 1891 unali wa atsamunda awiri, ndipo maiko odzilamulira amayenera kukambirana mwatsopano. Dokolo likadali chiimire. Kupatula ndale, funso lenileni ndi lomwe linavuta oyendetsa sitima zaka 100 zapitazo: ndani adzakumba mchenga chaka ndi chaka, ndipo ndalama zake zidzachokera kuti?

Mathiriro amakono

Kumunsi nakonso zinthu zasintha. Damu la Kariba linatha kumangidwa mu 1959 ndipo la Cahora Bassa mu 1974, pamathithi omwe aja anabweza Livingstone. Madamuwa anachepetsa kusefukira kwa chaka ndi chaka kumene kunkanyowetsa madambo a Marromeu, kudyetsa njati ndi mbalame, ndi kutsitsira kunyanja chakudya cha nkhanu zam'madzi amchere zimene Mozambique amagulitsa kunja. Popeza Shire amathira kumunsi kwa madamu onse awiri, madzi ake ndi ena mwa ochepa amene amafika kumathiriro motsata nyengo. Dera la Marromeu linalembedwa m'gulu la madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar mu 2004, ndipo Elephant Marsh analembedwa mu 2017. Maiko asanu ndi atatu amene amagawana Zambezi ali ndi bungwe lawo, ZAMCOM, lokambirana za kagwiritsidwe ntchito ka madziwa.

Ife a kumtunda tili ndi mbali yathu pankhaniyi, ndipo si yaing'ono. Phiri likametedwa chifukwa cha makala, munda ukalimidwa mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, mvula imatsika tsiku limodzi m'malo motsika miyezi itatu. Dothi lake limakwirira makina a magetsi, limadzaza mtsinje wa Mwanza mpaka madzi kusowa podzera, ndipo limakweza pansi pa Shire. Anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje analawa zotsatira zake m'madzi osefukira a January 2015, mu namondwe Idai mu 2019, mu Ana amene anagumula damu la Kapichira mu January 2022, ndi mu Freddy mu March 2023. Namondwe sitingamuletse, koma kuchuluka kwa dothi limene amatenga kumadalira zimene wapeza pamapiri.

N'chifukwa chake mbiri imeneyi iyenera kuphunzitsidwa yathunthu, kuyambira ku magwero mpaka ku mathiriro, m'sukulu za kwa Nthache monga momwe iyenera kuphunzitsidwira ku Nsanje ndi ku Marromeu. Wootcha makala ku Mwanza sachita zimenezo chifukwa chokonda, koma chifukwa cha njala ndi fizi ya ana, ndipo sangasiye pongomuuza kuti asiye. Ngati boma likufunadi magetsi osazimazima, ulimi wothirira m'chigwa ndi sitima zofika ku Nsanje, gawo la ndalama za ntchito zimenezo liyenera kufika kwa mlimi wa kumapiri amene akusunga mitengo, kubzala nsungwi ndi vetiva m'mbali mwa mitsinje, ndi kusamalira manachesi ake. Kugwira dothi likadali pamunda n'kotsika mtengo kuposa kulikumba pansi pa mtsinje, ndipo ntchito imeneyo ili m'manja mwa mafumu ndi alimi a Mwanza, Neno, Ntcheu ndi Thyolo.